Ndinasankha Yaphokoso

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Aleluya!

Liwu limene mukumvali si langa. Nkhani ndi yanga, koma pakamwa ndabwereka. Akuwerengawa ndi alamu anga a Yohane, alongo awo a malemu akazi anga. Ine ndi amene ndakhala pa benchi yakutsogoloyi, ndodo ili pambali. Ndine Mbewe. Kwathu kobadwira ndi ku Dowa, koma ndinabwera kuno kwa Malomo ndili mnyamata, kudzakhala pachikamwini. Alamu, muwerenge zonse. Musalumphe, ngakhale pamene pakutchula inu.

Ambiri mukundidziwa. Sindinakhalepo munthu wa mawu ambiri. Ndinkalima fodya ndi soya. Lamulungu ndinkabwera kuno, kukhala kumbuyo, kuimba chapansipansi, kubwerera kunyumba. Wolankhula m'nyumba mwathu anali akazi anga, Anaphiri. Iwo ankalankhula, ine ndinkamvetsera, ndipo tinkakhala bwino. Tinkakhala bwino kwambiri.

Tsiku lina m'mawa ndikuthyola fodya, masamba anangopulumuka m'manja. Ndinawerama kuti nditole, dzanja lamanja osandimvera. Ndinafuna kuitana, lilime lili ngati mwala. Anali matenda aja amati sitiroko. Kuchipatala anandisamala, Mulungu awadalitse. Mwendo unabwerera pang'ono. Koma dzanja lamanja silinabwerere, ndipo mawu sanabwerere. Nzeru zonse zilimo, abale. Mawu onse alimo, ndimawaona bwinobwino. Koma akafika pakhosi amasanduka kubuula.

Komabe sindinasowe pakamwa, chifukwa Anaphiri ankandimva. Ndikangoyang'ana kudimba, iwo amvekere, "Akuti mbuzi mwazimangirira pafupi ndi chimanga." Ndikatsokomola, "Akuti tiyi wachepa shuga." Nthawi zina ankawonjezera zawo. Ankauza ana kuti, "Bambo anu akuti mundigulire chitenje." Ine osanenapo! Ndinkangoseka ndi mbali imodzi ya nkhope, ana n'kugula.

Ndiye mvula itayamba, Anaphiri anadwala. Sanadwale nthawi yaitali. Ambuye anawatenga.

Abale ndi alongo, tsiku limenelo m'manda munalowa akazi anga, munalowanso pakamwa panga. M'nyumba munati zii. Anthu ankabwera kudzandipepesa, ndipo ndikuthokoza. Ena ankalankhula mokuwa, kuyesa kuti ndi makutu omwe anafa. Ndikabuula, ankandipatsa madzi. Ndikabuulanso, ankandifunditsa bulangete. Chikondi chinalipo, koma wondimva panalibe.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mkazi akamwalira, pakapita nthawi abale a mbali zonse amakumana kuti amusudzule mwamuna, kumumasula kuti abwerere kwawo ngati afuna. Alamu a Yohane, monga mwini mbumba, anabwera kudzakhala nane pakhonde. Analankhula mwaulemu. Anati, "Alamu, mwatisungira mlongo wathu mpaka mapeto. Ife sitikufuna kukumangirirani pano. Tikakolola tidzaitana alongo anu a ku Dowa, tidzakusudzuleni, mukapumule kwanu."

Ine ndinagwedeza mutu. Eni mudzi akamalankhula, mkamwini amagwedeza mutu. Ndimo tinakulira. Ndinkasonyeza kuti ndikumvetsera, iwo anatenga kuti ndavomera.

Sindinkafuna kupita, abale. Sindinkafuna ngakhale pang'ono. Ku Dowa ndinachokako kalekale. Alongo anga ndi okalamba, maondo akuwavuta, nawonso akuchita kusamalidwa. Kuno ndi kumene kuli mpingo wanga, zidzukulu zanga, manda a akazi anga.

Mwina mufunsa kuti, bwanji osangopukusa mutu? Abale, mutu umanena eya, umanena ayi. Mutu sunena chonde. Munthu wobwera sangapukuse mutu pamaso pa eni dothi ngati mwana wokana phala. Malo amachita kupempha. Pempho limayamba ndi moni, limafuna chifukwa, limatha ndi zikomo. Zonsezo ine ndinalibe.

Ndinayesa cholembera ndi dzanja lamanzere. Linkanjenjemera, pepala n'kukhala ngati papalasa nkhuku. Ndinayesa foni. Chala chikakhudza galasi lija chinkatsetsereka, zilembo zingapo n'kulowa pamodzi. Chimanga chinayamba kuuma m'munda, ine mtima uli m'mwamba. Ndinapemphera kuti, "Ambuye, Inu mumamva ndi za mumtima zomwe. Koma alamu anga si Inu. Ndithandizeni."

Mulungu amayankha, abale! Aleluya!

Mwana wanga wamkazi Tiyamike amaphunzitsa ku Mponela. Anabwera Loweruka lina kuti ayambe kundilongedzera zovala. Iye akaika shati m'chikwama, ine n'kutulutsa. Akaikanso, ine n'kutulutsanso. Anasiya, n'kundiyang'ana.

"Ababa, simukufuna kupita?"

Kwa mwana wanga ndingathe kupukusa mutu. Ndinapukusa.

"Ndikawauze amalume?"

Ndinapukusanso. Ndinadziloza pachifuwa.

Kenako anati, "Mukufuna munene nokha."

Ndi mwana wa mayi ake ameneyo.

Poyamba anandibwerekera laputopu kusukulu kwawo. Sizinatheke. Mabatani ake ndi aphwatalala, chala sichidziwa ngati chadina kapena ayi. Ndiye anati, "Valani jekete, tipite ku Mponela." Tinakwera minibasi, ine ndi ndodo yanga.

Anandilowetsa m'sitolo ya mayi wina wogulitsa mafoni ndi zipangizo za kompyuta. Tiyamike anafotokoza kuti tikufuna kiyibodi, thabwa lija la mabatani olembera, yoti izilumikizana ndi foni. Mayiyo anatulutsa yaikulu ya mu ofesi, yaitali ngati mpini wa khasu. Ndinaiika pamiyendo, inkapendekeka. Dzanja langa limodzi linkayenda ulendo kuchoka uku kukafika uko. Ndinatopa ndisanalembe kanthu.

Mayi uja anakanda m'mutu. Anati, "Ndili nazo zina zing'onozing'ono, koma ndinaodera anyamata a magemu. Agogo sangazikonde."

"Tulutsani tione," anatero Tiyamike.

Anatulutsa zitatu. Iliyonse kukula kwake ngati Baibulo lotsegula. Mbali ija ya manambala kulibe, ndiye dzanja limodzi limafika paliponse osanyamuka. Mabatani ake ndi aatali, pamwamba pali kadzenje, chala chikakhalapo chakhala. Mayiyo anazula batani limodzi kuti ndione. Pansi pake pali kachipangizo kakekake kokhala ndi sipuling'i. Batani lililonse lili ndi kake. Anati kusiyana kwa zitatuzi kuli pa timeneti. Ina tofiira, ina tabulawuni, ina tabuluu.

Ndinayamba yofiira. Yofewa kwambiri, yosamveka. Chala changa chonjenjemera chikangotsamira, chilembo chalowa kale. Ndinaikankhira pambali.

Ndinatenga yabulawuni. Iyi inali bwino. Ukadina pali kokakamira pang'ono, chala n'kudziwa kuti chafika. Tiyamike anaikonda. Anati, "Iyi ndi yaulemu, ababa. Singasokoneze anthu." Nanenso ndinaganiza choncho. Ndine munthu wachete, ndiye yachete indiyenera. Ndinayamba kusakasaka zilembo, poti sizinandandalikidwe monga tinaphunzirira kusukulu. Ndinalemba kuti, "Zikomo mayi." Nditakweza maso, ndinapeza awiriwo ali mkati mwa nkhani ya mafuta ophikira. Ndinali nditalankhula, abale, koyamba chichokereni Anaphiri. Palibe anadziwa kuti ndalankhula.

Sindikuwadzudzula. Sanamve kanthu, akanatembenuka bwanji?

Ndinakoka yabuluu ija. Ndinadina. Thya! Ndinadinanso. Thya! Thya! Nkhani ya mafuta inadukira pomwepo. Onse awiri anatembenuka. Ngakhale bambo wina amene ankatchajitsa foni pakhomo anasuzumira.

Pamenepo ndinadziwa. Munthu akamalankhula, pazimveka kuti akulankhula. Ndinaika dzanja pamwamba pake osachotsanso.

Mayi uja anaseka. "Agogo, mwasankha yaphokoso! Imeneyi anthu amakangana nayo. Akazi anu akakutulutsani nayo m'nyumba."

Tiyamike anawauza chapansipansi kuti amayi anatisiya. Mayiyo anagwira pakamwa, kupepesa mobwerezabwereza. Ine ndinayamba kudina. Anandidikira mpaka ndinamaliza, Tiyamike n'kuwerenga pafoni: "Musadandaule. Akanaikonda. Sankagwirizana ndi zii."

Mwana wanga anaseka, misozi ikutsika.

Tinaigula, koma chinthu chimodzi chokha ndinakana. Imayaka magetsi amitundumitundu pansi pa mabatani, ofiira, obiriwira, kuthamangitsana. Ndinati azimitse, ndine mkulu wa zaka zanga. Zidzukulu zimayatsabe ndikatembenuka.

Ndinaphunzira nthawi yonse yokolola. Anthu ali kumunda, ine pakhonde, thya, thya. Chala chinayamba kudziwa njira.

Tsiku losudzula linafika. Alongo anga anabwera kuchokera ku Dowa. Tinakhala pabwalo, amuna pamipando, amayi pamphasa. Tinatsegula ndi pemphero. Alamu a Yohane analankhula bwino, kundiyamika, kundimasula. Alongo anga anathokoza. Galimoto yonyamula katundu inali itapezeka kale. Alamu anati, "Ngati palibe wowonjezera, titseke."

Ndinatulutsa kiyibodi m'thumba, n'kuiika pamiyendo. Thya. Thya. Thya.

Azakhali ena pamphasa anafunsa, "Kodi ndani akuswa mtedza pamsonkhano?"

Anthu anaseka. Wina anayamba kuimirira. Koma alamu a Yohane anaona Tiyamike atagwada pambali panga, foni ili m'manja. Anakweza dzanja. "Chete! Alamu akulankhula."

Abale, mawu amenewo sindidzawaiwala. Alamu akulankhula! Bwalo lonse linadikira. Ndinachedwa, nkhuku zinadutsa, mwana analira n'kutonthola, koma malinga kunkamveka thya, thya, palibe anatsegula pakamwa. Tiyamike ankawerenga chiganizo chilichonse chikatha.

Ndinati, "Moni eni mudzi. Moni alongo anga. Zikomo pondisunga zaka zonsezi. Mwambo sindikukana, mundisudzule ndithu. Koma tsiku lija pakhonde, pogwedeza mutu, ndinkapereka ulemu. Sindinkatsanzika. Ndikudziwa kuti dothi lino si langa. Ndikupempha, chonde, mundilole ndikhalebe. Ndikufuna ndizimva zidzukulu zikamapita kusukulu. Ndikufuna ndizitha kufika pamene panagona Anaphiri. Zikomo."

Eni mudzi akanatha kukana, ndipo sakanalakwa.

Alamu a Yohane anavula chipewa, n'kuchivalanso. Kenako anati, "Alamu! Ife timati mukusowa kwanu koma mukuchita manyazi kunena! Timati tikukusungani ngati mkaidi. Ine usiku osagona, kuganiza kuti bawo ndizisewera ndi yani. Enawa amaba nkhomo!" Apa anatembenukira kwa abale awo. "Alipo amene nyumba iyi ikumupweteka m'maso?"

Azakhali aja anayankha, "Akachoka, mapapaya awa atiyang'anira ndani? Akhale. Koma chamtedzacho asamayambe nacho m'mamawa."

Alongo anga anaomba m'manja mwaulemu. Anati, "Ngati mwamukonda chotere, ine ndibwerera wopepuka." Alamu anadzandigwira dzanja lamanzere ndi manja awo onse awiri. Anati, "Takumasulani, ndipo mwa ufulu wanuwo khalani. Malo alipo pano. Tsiku lanu likadzafika, pafupi ndi mlongo wathu aliponso."

Galimoto ija inanyamula thumba la soya ndi alongo anga basi.

Alemekezeke Mulungu, abale! Sanandibwezere lilime. Ndinapempha, sanandibwezere, ndipo sindikumufunsa chifukwa. Anandipatsa mwana womvetsa. Anandipatsa alamu odziwa kudikira. Anandisiyira dzanja limodzi, ndipo lakwanira.

Lero ndikukhala chonchi. M'mawa ndimathirira tomato ndi kachitini. Kiyibodi ndimatchaja pa sola, imakhala masiku osazima. Mpongozi wanga akabweretsa chakudya ndimatha kunena zikomo, ndimathanso kunena kuti mchere wachuluka. Zidzukulu ndimazilembera vesi loloweza, ndipo zikalakwa ndimazidzudzula, ngakhale kuti pomwe ndikumaliza kulemba zimakhala zitathawa. Anaphiri ndimawasowa tsiku lililonse. Zimenezo palibe chipangizo chingachotse. Koma tsopano ndimatha kuwauza ana nkhani za mayi awo, mmene tinakumanirana, mmene ankayimbira posoka fodya. Kale zinali zotsekeredwa mwa ine ndekha.

Ndikuthokoza abusa pondipatsa mpata. Ndikuthokoza amayi a chigwirizano amene simunatope kundiyendera. Ndikuthokoza Ambuye Yesu amene sanandisiye.

Mukamadutsa njira ya kumtunda kwa tchalitchi, patukani. Nyumba ndi yomwe ija, sindinasamuke. Mupereke moni, mukhale pansi, mudikire pang'ono. Ndimachedwa, koma ndimayankha.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.