Mimba Isanafike pa Ukwati

Pamzere wolandira mankhwala kuchipatala, bambo wina anadziponya pabenchi akubuula. Mayi amene anamusendera anayang'ana bondo lake lotupa.

"Ngozi, bambo?"

"Ayi mayi, kuthamanga. M'mawa makilomita khumi, madzulo kujimu, kudya kamodzi patsiku. Ndimafuna mimbayi iphwe ukwati wa mwana wanga usanafike."

"Ndiye kuphwa kwake n'kumeneku?"

"Inayamba kuphwa. Koma bondo litakana ndagona miyezi iwiri, ndikubwezera njala yonse ija. Pano suti sikumangika, ukwati ndi Loweruka likubwerali."

"Nanga mwanayo akamugwira mkono ndani m'tchalitchi?"

Bamboyo anayang'ana pansi. "Mng'ono wanga."

"Wochepa thupi?"

"Ayi, mimba yake kuposa yangayi."

"Mwaonatu. Mnzanu wasunga mimba ndi mawondo omwe. Inu mwatsala ndi mimba yokha."