Sega ya Obedi

Pasiteji ya basi ku Madumabisa, madala ena anafungata Sega yakale, makina osewerera magemu a pa TV, m'pulasitiki. Mnyamata wogulitsa magemu anawayandikira.

"Madala, tisinthane ndi Super Nintendo. Yanuyi imasokosera ngati mabati."

"Mabati? Mwana iwe, ng'oma zake zimagunda mpaka m'chifuwa muno!"

"N'chitsulo chokhachokha. Mu Nintendo anajambuliramo zoimbira zenizeni, mpaka limba la kutchalitchi."

"Makutu anga anathera mumgodi. Limba lakolo ndilimva bwanji? Iyi yokha ndinkaimva kuseri kwa khoma, n'kudziwa kuti mwana wanga Obedi wabwera kunyumba."

"Komabe zoona n'zoona, madala. Nintendo imayimba, Sega imangolira."

"Isiye ilire! Mwini wake tinamuika m'manda Loweruka. Ukufuna iyimbe chiyani?"