Akazi Anga Atafa Ziwalo, Funso Limodzi Linandidzutsa

Abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu. Ine ndine Fayisoni, ndimakhala ku Machinjiri, ndipo ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo ku Chirimba. Ndikufuna ndikuuzeni zimene Mulungu anandichitira akazi anga, mayi a Tadala, atafa ziwalo.

Anagwa m'mawa akusesa pakhomo. Kuchipatala anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kumene sitinkadziwa n'komwe. Tinabwerako dzanja ndi mwendo wakumanja zisakugwira ntchito, mawunso akutuluka movutikira. Ana athu ali kutali, wina ku Joni, wina pabanja ku Karonga, choncho zonse zinagwera ine. Ndinkawasambitsa, kuwadyetsa, kuwanyamula popita kuchimbudzi, kuwachapira zitenje. Kuntchito ndinasiya kupita, makasitomala anga n'kuyamba kulowera kwa ena.

Kutopa kwa thupi ndinkakupirira. Chimene chinkandipweteka ndi pakamwa pa anthu. Ndikaima pamzere wotunga madzi pakati pa azimayi, azibambo a pabawo ankaseka kuti, "Madalawa anadyetsedwa kondaine!" Achimwene anga anabwera n'kundiuza kuti, "Kawatuleni kwawo ku Phalombe, abale awo akawasamale. Ntchito imeneyi si ya mwamuna." Ndinakana, koma mumtima ndinayamba kufooka. Pemphero langa linafupika mpaka kutsala loti, Ambuye, ndatopa.

Tsiku lina masana kunafika mayi wina wa kuyunivesite. Anati akuchita kafukufuku wa anthu osamalira odwala pakhomo m'madera ngati athuwa, ndipo ananeneratu kuti sanabweretse mankhwala kapena thandizo, koma mafunso okha. Ndinatsala pang'ono kuwabweza, poganiza kuti anthu otere amangofunsa n'kumapita. Koma mayi a Tadala anandikodola ndi dzanja lamanzere kuti ndiwapatse mpando alendowo.

Anafunsa za chakudya, za madzi, za mmene ntchito yanga inaimira. Kenaka anati, "Nanga inuyo bambo, mukatopa mumauza ndani?"

Chiyambireni matendawo aliyense ankafunsa za odwala, za ine ayi. Misozi inatsika pamaso pa mlendo. Iwo anazimitsa foni imene ankajambulira mawu, n'kudikira mpaka nditapuma. Potsanzika anandiitanira ku zokambirana za abambo okhaokha, m'kalasi ya pasukulu ina yapafupi.

Mayi woyandikana nafe nyumba anavomera kutsala ndi odwala, ine n'kupita. Abale anga, ndinkayesa kuti mu Blantyre monse muno ndili ndekha. Koma m'kalasimo munali mlonda wosamalira mayi ake akhungu, telala wolera mwana wolumala, ndi ena, aliyense akubisa katundu wake poopa kusekedwa. Tinalankhula, tinaseka, ena tinalira.

Potuluka anandigwira paphewa a Makwinja, dalaivala wa minibasi wa ku Zingwangwa. Akazi awonso anagwapo ndi sitiroko, koma panthawiyo n'kuti akuyenda. Anati, "Achimwene, musamawagoneke tsiku lonse. Pitani nawo kumafizo, mwendo umadzuka umenewo." Kuchipatala ananditchulirapo za mafizowo, masewera olimbitsa ziwalo, potitulutsa, koma mutu unali utasokonezeka, ndipo ndinalibe njira yowafikitsira kumeneko. A Makwinja anayamba kutitenga okha, mayi a Tadala n'kumakhala mpando wakutsogolo.

Kafukufuku atatha, mayi aja anabweranso kudzatiuza zimene anapeza: kuti abambo ambiri osamalira odwala amadzipatula chifukwa cha manyazi, ndipo potero thandizo limawadutsa. Ife tinagwirizana zoti tisasiye kukumana. Mpaka pano timayenderana, wina akafuna kupita kuntchito mnzake kapena akazi ake amatsala ndi odwala. Ineyo ndinabwerera ku Chirimba, ndikuwotchereranso mageti.

Lamulungu lapitali mayi a Tadala analowa m'tchalitchi ndi miyendo yawo, atagwira ndodo. Anayenda pang'onopang'ono mpingo wonse ukudikira, ndipo atafika pabenchi anayamba kuimba nawo. Mawu ena sankamveka bwino, koma anaimba mpaka nyimbo kutha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero losalongosoka kudzera mwa mlendo wongobwera ndi mafunso. Inu amene mukusamalira wodwala, makamaka abambo anzanga, musatseke chitseko n'kumavutika nokha. Pempherani, ndipo mukatopa nenani kuti mwatopa. Ambuye amamva, ndipo ali ndi anthu oti awatume. Amen.