Kope Lotsiriza la a Pulofesa Kalimanjira

Malemu a Pulofesa Stafford Kalimanjira, amene tikuwaperekeza lerowa, anabadwa pa 14 Juni 1958 kuno kwa Kanduku, mwana wachitatu wa a Petro ndi a Nilda. Masamu anawayambira m'munda wa manachesi wa bambo awo. Amalonda akabwera kudzagula mtengo wonse zipatso zikadali m'mwamba, iwo ankawerenga nthambi zitatu zokha n'kunena madengu amene atuluke. Kenaka ankawonjezera kuti ngati aphonya, sanaphonye kuposa dengu limodzi. Bambo awo ankaseka, amvekere mwana uyu amalosera phazi lina lili panja. Osadziwa kuti ntchito ya moyo wonse wa mwanayo inali yomweyo.

Anayamba sukulu mu 1965. Mu 1973 anasankhidwa kupita kusekondale ku Blantyre, ndipo mu 1977 analowa yunivesite ku Zomba. Pa 6 Okutobala 1984 anamanga ukwati woyera ndi a Enelesi a kwa Nthache. Mu 1986 anapita ku Mangalande, kumene anatenga digiri ya udokotala wa masamu. Anabwerera kumudzi mu 1995 ndipo anaphunzitsa mpaka kupuma mu 2016.

Ambiri mwakhala mukufunsa kuti kodi ankafufuza chiyani. Anamfedwa, pali masamu ena amene yankho lake lenileni silipezeka, ngakhale kompyuta itachita thukuta chaka chathunthu. Malemuwa ankakonza njira zofikira pafupi ndi yankholo, n'kutsimikiza kuti kuphonyako sikungapitirire pakuti. Ine msuweni wawo, amene mumandinena kuti mapazi anga sadziwa kwawo, umboni ndinautola panjira. Mu 2011, ndikudikira thiraki pamalire, ndinacheza ndi a Silvio, injiniya wa ku Beira. Atamva kuti ndine msuweni wa a Kalimanjira anavula chipewa. Anati poyerekeza mmene madzi adzakwerere pamtsinje wina, atayeza malo owerengeka okha, anagwiritsa ntchito njira ya Kalimanjira. Ankaganiza kuti mwini dzinalo anamwalira kalekale, pomwe m'mawa womwewo ndinali nditawasiya akuthamangitsa mbuzi.

Pa 20 Febuluwale 2018 anadwala matenda ofa ziwalo. Dzanja lamanja linaleka kugwira, lilime linalemera. Chimene chinkawasowetsa mtendere si ululu ayi, koma kafukufuku amene anamuyamba mu 2003, yemwe anali akadali m'mutu mwawo. Anali atalonjeza wophunzira wawo wakale, a Dokotala Esime Phiri, kuti kafukufukuyo sadzapita naye kumanda.

Apa mpomwe a Enelesi, amene sukulu analekezera Sitandade 8, anatenga cholembera. M'mawa uliwonse, pakhonde, bambo ankatchula movutikira, mayi n'kumalemba. Zizindikiro zamasamuzo anazipatsa mayina awoawo: china mbedza, china eyiti wogona, china mpando wakugwa. Akalakwitsa, bambo ankagogoda pansi ndi ndodo. Mayi nawo sankagonja, ankafunsa kuti mbedza zonsezi nsomba zake tidzadya liti. Anatero miyezi khumi ndi isanu ndi iwiri, mpaka kope linatsala pang'ono kudzaza.

Pa 9 Ogasiti 2019, manachesi akutha m'mitengo, anatisiya. Kafukufuku uja sanamumalize. Koma masiku awiri asanatsikire kulichete analembetsa tsamba lotsiriza: kwatsala masitepe atatu, ndipo lachiwirilo ndikulikayikira, muliyang'anitsitse.

Dzulo ife achibale tinafuna kuika kopelo m'bokosi pamodzi ndi magalasi awo, poti munthu amapita ndi zimene ankazikonda. A Enelesi anakana. Anati magalasi apite, koma zolembazo ndi dzanja lawo a Enelesiwo, ndipo dzanjalo likadali moyo. Tinachita manyazi. Mwambo uno ukatha, alipereka okha kwa a Dokotala Esime, amene akhala kutsogoloku.

Malemu asiya mayi akunyumba, ana atatu, Malcolm, Thandie ndi Luckson, zidzukulu zisanu, ndi mlongo wawo a Rozina. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi amvano, adzukulu okumba manda, aphunzitsi anzawo, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatikhuza.

Zaka makumi asanu ndi limodzi kudza chimodzi siziwerengeka pa nthambi zitatu. Ngati pena ndaphonya, mundikhululukire. Ndikhulupirira sindinaphonye kuposa dengu limodzi.

Pitani bwino, asuweni. Mzimu wanu uuse mumtendere.