Foni Ilibe Mphuno

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya!

Ine ndine mayi Nachisale, mlangizi wa anthu amene mowa ndi chamba zinawamanga. Ndimagwira ntchito pa kachipatala kena kufupi ndi Kasakula. Chida changa chachikulu chinali mphuno iyi. Munthu akati, "Mayi, ndinasiya," ine ndinkangomupatsa moni chapafupi. Kachasu sabisika, abale. Utafune masamba a gwafa, sabisika!

Kenako kunagwa mliri wa korona. Akuluakulu a kuntchito anati, "Musakumanenso nawo, muziwaimbira foni." Ndinafunsa, "Kodi foniyo ili ndi mphuno?" Anandiseka.

Panali bambo wina, a Levisoni, tenanti wa pa esiteti ya fodya. Chiwindi chawo chinali chitatupa, ndipo adokotala anawauza mosabisa kuti akamwanso, ndi manda. Tinalimbana nawo mpaka anasiya. Ndiye ndinayamba kuwaimbira. Ankayankha mwaulemu, "Ndili bwino mayi, sindinalawe." Ine mtima m'malo. Akuluakulu n'kumayamikira kuti ntchito ya pafoni ikuyenda. Ikuyenda kupita kuti?

Sindinkadziwa kuti m'mudzi mwawo netiweki imapezeka pa chulu chimodzi chokha. Ndipo chulucho chili kuseri kwa nyumba ya mayi wotcheza kachasu! Bambo akudikira foni yanga pamwamba, anzawo ali pamkeka pansipa: "Levi, tatsika ungonyowetsa kukhosi." Abale, foni yanga yomweyo ndi imene inkawaperekeza ku mowa.

Tsiku lina anayankha ndi akazi awo, Nabanda, akulira.

"Mayi, asanza magazi. Tawatengera kuchipatala pa ngolo."

"Ayambanso liti kumwa?"

"Tsiku lililonse limene inu mumaimba."

Ndinalira. Kenako ndinakwiya, kukwiya kwenikweni. Anzanga anati, "Asiyeni, chidakwa sichimva." Ndinati ayi! Ayi! Uyu kachasu samutenga ine ndikuona. Ndinagwada n'kunena, "Ambuye, mliri wandilanda mphuno. Ndipatseni ina."

Ndipo anandipatsa, abale. Anandipatsa Nabanda.

Bambo aja atatuluka m'chipatala, ndinauza Nabanda kuti, "Pa chulu paja asapondenso. Muzikwera nawo phiri la kuseri kwa dimba lanu, netiweki mukaipeza pamwamba. Ndipo ndisanalankhule nawo, muziyamba mwawanunkhiza m'kamwa."

Nabanda anachita manyazi. "Mayi, amuna anga ndiziwanunkhiza ngati ndiwo zogona?"

"Eya, ngati ndiwo zogona."

A Levisoni analanda foni. "Mayi, ine si mwana!"

"Si mwana inde," ndinatero. "Koma ine pa maliro anu sindibwera kudzaimba nyimbo. Kwerani phiri."

Anakwera, akung'ung'udza. Anakweranso. Sindikunamizani, tsiku lina anagweranso mu mowa. Anali asanatsegule n'komwe pakamwa, Nabanda anati, "Lero zanunkha, mayi." Sitinawanyoze. Tinayambiranso pomwepo, pamwamba pa phiri, mphepo ikusokosa m'foni.

Mliri utatha, akuluakulu anati tipitirize za pafoni chifukwa n'zosavuta. Ndinaimirira. Ndinati foni ndiziimba, koma munthu amene alibe womuyandikira, ndizipita ndekha kukamuona, ngakhale wapansi. Ena anati ndine wamakani. Eya, ndine wamakani! Makani amenewa ndinawapempha kwa Mulungu.

Lero a Levisoni akulima soya pamunda wawo. Ana awo abwerera kusukulu. Bambowo ali kumbuyo uko, avala malaya oyera. Imirirani bambo, akuoneni! Ndi amene anandilola kunena zonsezi.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalole kuti chulu chija chikhale njira ya kumanda. M'mawa uno pakhomo la tchalitchi ndinawapatsa moni chapafupi, mwachizolowezi changa. Nabanda anandikoka chitenje n'kundinong'oneza: "Musavutike mayi, ndawanunkhiza kale. Ndi tiyi yekha."

Ulemu upite kwa Ambuye. Ameni!