Sanali mabomu, anali matumbo anga

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye amene mukuwerenga izi. Ndine mtsikana wa Fomu 3 wa kufupi ndi Kandeu, ndipo sindine wolankhulalankhula. Zambiri zanga ndimangolemba m'kabuku n'kutseka. Koma iyi yokha sinditsekera, chifukwa amene anandinena ananena mokweza, ndiye nanenso ndiyankha poyera. Ndinadwala chotupa m'mphechepeche, ndipo chinatsala pang'ono kundilanda moyo, sukulu ndi mbiri yomwe.

Chinayamba nthawi yokumba mbatatesi, tikusenza matumba kuchoka kudimba kupita kumsewu kumene amaima magalimoto a ogula. Tsiku lina posamba ndinapeza kachotupa ngati dzira la nkhunda pamwamba pa ntchafu ya kumanja. Ndikagona chagada kankabwerera mkati, ndikatsokomola kankatuluka. Malo ake ndi ochititsa manyazi, choncho ndinakhala chete.

Kenako kanasiya kubwerera. Kanauma, kanayamba kutentha, ndipo ndinkayenda chotsimphina. Amayi ataona anaitana azakhali, alongo awo a bambo, omwenso ndi nankungwi m'mudzi mwathu. Azakhaliwo anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi mabomu, matenda aja otenga kwa amuna. Anandiuza kuti nditchule dalaivala wa mbatatesi amene anandipatsa. Ndinati palibe. Anati atsikana ofatsa ndi omwe amabisa zambiri. Pofika Lamlungu nkhani inali itamveka kumjigo ndi kukwaya, ndipo bambo anati za sukulu tiiwale.

Azakhali anakonza zoti ateme chotupacho ndi lumo, mafinya atuluke, apakemo mankhwala, nkhani ithere m'nyumba momwemo. Ine apo n'kuti ndikusanza, thupi lili moto. Sindinapemphere pemphero lalitali. Ndinangoti Ambuye, thupi ili munaliumba ndinu ndipo mukulidziwa, nditumizireni munthu mmodzi yekha wondikhulupirira.

M'mawa mwake anabwera agogo aamuna, bambo awo a amayi, amene pa unyamata wawo ankagwira ntchito m'migodi ku Joni. Chibadwire changa amanditchula mkazi wawo, monga amachezera agogo ndi adzukulu kwathu kuno. Anakhala pakhomo pa chipinda changa n'kutsamira ndodo yawo.

"Mkazi wanga, ndamva kuti wandipezera mnzanga. Ndani ameneyo, ndikamulande galimoto?"

Ndinaseka misozi ili chuchuchu. Bambo sindikanawauza za malo amenewo, koma agogo ndi munthu wocheza naye chilichonse. Ndinawafotokozera za matumba aja, ndi momwe chotupacho chinkalowera n'kutuluka poyamba. Nthabwala zinathera pomwepo. Anatsitsa lamba pang'ono n'kundionetsa chipsera chakale pamalo omwewo. Anati nawonso matumbo anawatulukira pamenepo chifukwa chonyamula zolemera, ndipo mnzawo wina amene anazengereza anakwiriridwa komweko ku Joni.

Azakhali atalowa ndi lumo, agogo anaimirira. "Mukatema apa mutema matumbo. Lumo lanulo kameteni nalo tsitsi. Mkazi wanga ndikupita naye ndekha."

Azakhali anati asalowerere nkhani za akazi. Agogo anayankha kuti mlandu wolowerera adzauyankha pobwera, ndipo anaitanitsa njinga yamoto.

Kuchipatala chaching'ono anatitumiza msanga ku chachikulu cha ku boma. Adokotala atandiyeza anati khoma la mimba yanga linali ndi malo ofooka, china chake chadutsirapo n'kukanirira, ndipo ndiyenera kuchitidwa opaleshoni tsiku lomwelo. Nditadzuka opaleshoni itatha, anandiuza kuti atang'amba anapeza zimene sizioneka kawirikawiri. Chomwe chinatsikira m'chotupamo chinali kathumbo kakang'ono kotchedwa apendikisi, katatupa, katatsala pang'ono kuphulika. Anakachotsa n'kusoka pobookapo. Anatinso lumo likanafikapo, zoipa za m'matumbo zikanamwazika m'mimba monse. Bambo atabwera kudzandiona, ndinapempha adokotalawo kuti abwereze zomwezo pamaso pawo. Anabwereza. Bambo anangoyang'ana pansi.

Lero ndili kusukulu. Bambo sanapepese ndi pakamwa, koma tsiku loyamba anandinyamulira chikwama mpaka pachipata, ndipo thumba la mbatatesi salola kuti ndiligwire. Azakhali mpaka pano sananenepo kanthu. Kumjigo alipo ena amene amanong'onabe ndikamadutsa. Anong'one. Kukwaya ndinabwerera, ndipo ndimaima mzere wakutsogolo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha kudzera mwa nkhalamba ya nthabwala, ndi manja a anthu amene anandisoka. Atsikana anzanga, chotupa chikatuluka pamalo obisika musadikire ngati ine. Uzani munthu, ndipo akakana kukukhulupirirani uzani wina, mpaka mufike kuchipatala. Musavomere mlandu umene simunapalamule pofuna kuti anthu akusiyeni. Limbikani, Ambuye samva za kumjigo.

Agogo amati poti tsopano tili ndi zipsera zofanana, imeneyo ndiye mphete yathu ya ukwati. Imeneyo sindidzaivula, ndipo sindichita nayo manyazi. Ameni.