Ndinkagona ndi njala koma thupi osatsika

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndikufuna ndikuuzeni nkhanza zimene ndinaona chifukwa cha kunenepa, ndi mmene Mulungu anandilanditsira.

Ndinkaperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay. Nditabereka mwana wachiwiri ndinanenepa kwambiri, yunifolomu osalowanso. Abwana anandiitana pamaso pa anzanga n'kunena kuti, "Alendo akakuonani chilakolako cha chakudya chimawathera. Muchepe, apo ayi tipeza wina." Anandichotsa kutsogolo n'kundiika kotsuka mbale.

Kunyumba sikunali kopumira. Amuna anga, omwe amagulitsa usipa, anandikweza pasikelo ya matumba makasitomala awo akuseka.

Ndinasiya kudya. M'mawa madzi otentha a mandimu, masana osalawa kanthu, madzulo kambatata kamodzi. Poyamba thupi linatsikadi, kenako linangoima. Ndinachepetsanso chakudya, koma osasintha. Ndinkamva kuzizira dzuwa la Salima likuswa mtengo, tsitsi likuthothoka. Amuna anga ankati ndimadya mobisa zotsala za alendo, mpaka kumandinunkhiza m'kamwa ndikafika. Ndinalirira Mulungu kuti bola angonditenga.

Lamlungu lina ndinagwa tikuimba kwaya. Anandidzutsa ndi mayi Nabanda, namwino wopuma ntchito wa ku Lifuwu, amene tinkangopatsana moni basi. Atamva nkhani yanga anati, "Mwanangu, thupi ukalimana chakudya limaona ngati kwagwa njala. Limayamba kuumira mphamvu, ndipo minofu imene imathandiza kutentha mafuta imaphwa. Koma kuzizira ukuku kukundikayikitsa, tiye ukayezetse."

Anandiperekeza okha kuchipatala. Kumeneko adokotala anapeza kuti chithokomiro changa, kachiwalo ka pakhosi kamene kamawongolera mmene thupi limagwiritsira ntchito chakudya, chinkagwira mwaulesi. Anandipatsa mankhwala n'kundilangiza kuti ndizidya katatu, nsomba, nyemba, masamba ndi kamgaiwa pang'ono, komanso ndiziyenda wapansi.

Ntchito ija inatha ndithu, abwana sanadikire kuti ndichepe. Amuna anga sanapepese mpaka lero. Koma mphamvu zinabwerera, thupi likutsika pang'onopang'ono, ndikugulitsa mpunga pamsika, ndipo mwana wanga ndimamubereka miyendo osanjenjemera.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira mayi aja. Inu amene mukudzipha ndi njala chifukwa cha pakamwa pa anthu, limbikani m'pemphero, koma pitaninso mukayezetse. Ine ndikanapitiriza kumvera onditonza aja, kwaya yathu ikanandiimbira nyimbo za maliro.